Kachewere, kabichi ndi batala: chakudya chenicheni cha tsiku la Patrick Woyera

Chaka chilichonse, Loweruka loyandikira pa 17 Malichi, mtsinje wodutsa pakati pa mzinda wa Chicago ku America umasanduka wobiriwira kuti biriwiri. Othira utotowo ndi a bungwe la okonza mipope ya madzi mumzindawo, ndipo adayamba kutero mu 1962. Sabata yomweyo masitolo a m'dzikolo amadzaza ndi makeke obiriwira, mabisiketi obiriwira, mpaka mowa wobiriwira. A McDonald's amatulutsa chakumwa chawo cha mkaka chotchedwa Shamrock Shake, chomwe adachiyamba mu 1970. Ku New York khwimbi la anthu limaguba mumsewu wa Fifth Avenue pa perete yemwe mbiri yake imayambira mu 1762, America asanakhale dziko lodziimira palokha.

Pa 17 Malichi, kutsidya la nyanja, m'khitchini ya pafamu m'boma la Mayo kapena Kerry ku Ireland, pamoto pamakhala mphika waukulu wa nyama ya nkhumba yothira mchere. Ikatsala pang'ono kupsa, mayi wa pakhomopo amaduladula kabichi n'kumuponya m'madzi omwewo kuti atenge kukoma kwa nyamayo. Pambali pakuwira kachewere wosasenda, makoko ake atayamba kung'ambika. Patebulo pali batala ndi buledi wophika m'mawa womwewo. Chobiriwira m'mbale yonseyo ndi kabichi yekha.

Maphwando awiriwa ndi a tsiku limodzi, tsiku la Patrick Woyera, nkhoswe ya dziko la Ireland. Koma wofuna kulawa chakudya cha anthu a dzikoli ayambire m'khitchini ya pafamu ija. Zakudya zawo za pa zikondwerero zidachokera m'manja mwa alimi osauka, anthu omwe adaidziwa njala ndi ulendo wothawa kwawo, ndipo n'chifukwa chake sizivuta kuphika: pafupifupi zonse zofunika mungazipeze pamsika wa Lizulu kapena pa Tsangano popanda kulowa m'sitolo yaikulu.

Patrick mwiniwake sadali mbadwa ya Ireland. Adabadwira ku Britain chakumapeto kwa ulamuliro wa Aroma. Ali ndi zaka pafupifupi 16 achifwamba adamugwira n'kukamugulitsa ukapolo ku Ireland, komwe adaweta ziweto zaka zisanu ndi chimodzi asanathawe. Pambuyo pake adabwereranso kwa anthu omwewo ali episkopi. Pa 17 Malichi ndi tsiku lomwe mwambo umati adamwalira. Tsikuli lidakhala tchuthi chovomerezeka ku Ireland mu 1903, koma kwa zaka zambiri lidali la Misa ndi la pabanja, osati la m'misewu. Kuyambira mu 1927 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 lamulo linkatseka malo omwera mowa pa tsikuli. Chikondwerero chachikulu cha masiku angapo chomwe chimachitika ku Dublin lero chidayamba mu 1996.

Chomwe chidapangitsa kuti chakudya cha tsikuli chikhale chapadera ndi kalendala ya Mpingo. Pa 17 Malichi pamagwa mkati mwa Lenti, ndipo kale Akatolika a ku Ireland ankasala mwamphamvu ndithu, kusiya nyama, ena mpaka mazira ndi batala. Tsiku la Patrick linkamasula lamulolo kwa tsiku limodzi. Kwa munthu amene watha masabata akudya kachewere ndi mchere basi, nthuli ya nkhumba yokhala ndi mafuta ake idali phwando lokwanira. Alimi ambiri ankayesetsanso kuti kachewere woyamba wa chaka alowe m'nthaka pofika tsikuli.

Mbewu imodzi, anthu mamiliyoni

Kachewere kwawo ndi kumapiri a Andes ku South America. Adafika ku Ireland chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500 ndipo adayanjana ndi nthaka yachinyontho ya kumeneko. Nthawi imeneyo malo ambiri abwino adali m'manja mwa eni minda olemera, ambiri a iwo ochokera ku England, ndipo mlimi wamba ankabwereka kachigawo kakang'ono n'kumalipira lendi. Tirigu ndi ziweto zinkapita kokalipira lendiyo. Banja linkatsala ndi kachewere, chifukwa ndi mbewu yokhayo yomwe inkatha kudyetsa anthu asanu ndi mmodzi kapena kuposa pa kamunda kochepa. Pofika m'ma 1840 anthu pafupifupi 3 miliyoni ankadalira mbewu imeneyi yokha, makamaka mtundu umodzi wotchedwa Lumper, ndipo bambo wogwira ntchito ya m'munda ankatha kudya makilogalamu 6 pa tsiku, ndiwo yake ili mkaka wosasa.

Mu Seputembala 1845 chiwawu chidalowa m'minda. Masamba ankada, mbatata n'kuolera pansi kapena m'nkhokwe. Chaka chotsatira mbewu pafupifupi yonse idapita. Pakati pa 1845 ndi 1852 anthu pafupifupi 1 miliyoni adafa ndi njala ndi matenda obwera ndi njala, ndipo oposa 1 miliyoni adakwera zombo kupita ku America, Canada, Britain ndi Australia. Zonsezi zikuchitika, zombo zina zinkanyamukabe m'madoko a Ireland zitasenza mbewu, ng'ombe ndi batala kupita ku England. Kalembera wa 1841 adapeza anthu oposa 8 miliyoni pachilumbachi. Mpaka lero, kuphatikiza Republic of Ireland ndi Northern Ireland, chiwerengerocho sichidabwererepo.

Pali mbali ina ya nkhaniyi yomwe wowerenga wa kuno aimva msanga. Nduna yaikulu ya Britain, Robert Peel, idagula chimanga cha mapaundi 100,000 ku America kuti chithandize pa njalayo, ndipo chidafika ku Cork kumayambiriro kwa 1846. Chidali chimanga chachikasu, cholimba kwambiri. Zigayo za ku Ireland zidazolowera tirigu ndi oats, ndiye zinkangochiphwanya osachipera bwino, ndipo anthu sankadziwa kuti chimafuna kuphika nthawi yaitali. Ambiri chidawatsegula m'mimba ali kale ofooka. M'kupita kwa nthawi adachizolowera, phala la ufa wachikasu n'kukhala chakudya cha osauka kwa zaka zambiri, koma silidakhalepo chakudya cha paphwando. Njala itatha, anthu adabwerera kwa kachewere yemweyo. Lero mtundu wolimidwa kwambiri ndi Rooster, wa khungu lofiira, ndipo a ku Ireland amakonda kachewere wofumbutuka akapsa, wouma ngati ufa, osati wamadzimadzi.

Nyama ya ng'ombe yomwe eni ake sankaidya

Funsani munthu wa ku Boston kapena ku New York chomwe amadya pa 17 Malichi, adzati corned beef ndi kabichi. Si ija ya m'chitini yomwe timaidziwa ayi. Ndi nyama ya pachifuwa cha ng'ombe yomwe amaiviika m'madzi amchere, shuga ndi zokometsera kwa masiku asanu kapena sabata, kenako n'kuiwiritsa pang'onopang'ono maola atatu mpaka itafewa, kabichi n'kulowa mumphikamo chakumapeto. Mchere wapadera wosungira nyama ndi womwe umaisiya yofiirira ngakhale itapsa. Chakudyachi ndi chokoma, koma anthu ambiri a ku Ireland konko sachiwerengera kuti ndi chawo cha tsikuli.

Chifukwa chake chili m'mbiri ya malonda. M'zaka za m'ma 1660 nyumba ya malamulo ya ku England idaletsa kulowetsa ng'ombe zamoyo zochokera ku Ireland pofuna kuteteza alimi ake. Amalonda a ku Ireland adayamba kupha ng'ombezo, kuzithira mchere ndi kuzitumiza kunja m'migolo. Mzinda wa Cork udalemera ndi malonda amenewa kwa zaka zoposa 100. Nyamayo inkadyetsa asilikali a m'zombo za nkhondo za Britain ndipo inkafika kuzilumba za Caribbean, komwe ina inkaperekedwa kwa akapolo ochokera ku Africa m'minda ya nzimbe. Koma mlimi wosauka amene ankaona ng'ombezo zikudutsa pakhomo pake sankakwanitsa kuigula. Nyama yake idali nkhumba, yomwe ankaiweta ndi makoko a kachewere, ndipo kawirikawiri nayonso inkagulitsidwa kuti lendi ipezeke.

Othawa njala atafika ku New York adapeza zinthu zitatembenuka: nyama ya ng'ombe idali yotsika mtengo. M'dera la Lower East Side adayandikana ndi Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya, omwe mabutchala awo ankagulitsa nyama ya pachifuwa yothira mchere. Kakomedwe kake kadawakumbutsa nkhumba ya kwawo, ndiye adaiponya mumphika pamodzi ndi kabichi, masamba otsika mtengo kuposa onse. Choncho corned beef ndi kabichi ndi chakudya cha anthu a ku Ireland a ku America, omwe lero aposa 30 miliyoni powerengera onse onena kuti makolo awo adachokera kumeneko. Ine sindichiona ngati chabodza. Ndi chakudya cha anthu omwe kwawo adaletsedwa nyama ndi umphawi, n'kukaipeza kudziko la eni.

Wofuna kuphika cha ku Ireland kwenikweni agule nyama ya nkhumba yothira mchere, yomwe iwo amangoiti bacon, ya paphewa kapena pamsana, yolemera kilogalamu ndi theka. Ngati mcherewo wachuluka, igone m'madzi usiku. Iwire pamoto wochepa kwa ola ndi theka, thovu lapamwamba mukuliyengula, kenako kabichi alowe kwa mphindi 10 kapena 15 zokha, asachite kufa. Ambiri amathirako msuzi woyera wa mkaka, batala, ufa pang'ono ndi masamba a parsley. Kumene nyama yotere sipezeka, viikani nkhumba yaiwisi m'madzi amchere, magalamu 100 pa lita iliyonse, ikhale mufiriji masiku atatu. Idzatuluka yotuwa m'malo mofiirira, koma kukoma kudzakhalapo.

Buledi wa zinthu zinayi

Pa zakudya zonse za ku Ireland, chomwe ndingalimbikitse aliyense kuyesa ndi buledi wa soda. Adafala m'zaka za m'ma 1830 ndi 1840, soda wophikira atayamba kupezeka m'masitolo motsika mtengo. Tirigu wolimidwa m'nyengo yonyowa ya ku Ireland ndi wofewa, safufuma bwino ndi yisiti, koma ndi soda amachita bwino. Nyumba iliyonse yopanga batala inkatsala ndi mkaka wosasa, ndipo mkaka umenewo ukakumana ndi soda pamatuluka mpweya womwe umakweza buledi. Nyumba zambiri zidalibe uvuni. Ankaphikira mumphika wachitsulo wokhala ndi chivundikiro, wotchedwa bastible, pamoto wa dothi lakuda la m'madambo lomwe amalidula n'kuliumitsa kuti likhale nkhuni, makala ena ali pamwamba pa chivundikirocho, monga momwe amayi athu amaphikira chigumu.

Zofunika ndi izi: ufa wa tirigu magalamu 450, supuni yaing'ono imodzi ya mchere, supuni yaing'ono imodzi ya soda yosasefukira, ndi mkaka wosasa mamililita 350 mpaka 400. Chambiko chimagwira ntchitoyi bwino lomwe; chikalimba kwambiri, chisungunuleni ndi mkaka kapena madzi pang'ono. Sefani ufa, mchere ndi soda pamodzi kuti pasatsale timibulu ta soda, chifukwa timasiya madontho achikasu owawa m'bulediyo. Kumbani kadzenje pakati pa ufawo, thirani chambiko pafupifupi chonse kamodzi, ndipo ndi dzanja limodzi, zala zitatambasuka, zungulizani kuchokera pakati kupita m'mbali mpaka zonse zitagwirana. Zikhale zofewa, zomata pang'ono m'zala.

Apa ndi pomwe ozolowera buledi wa yisiti kapena mandasi amalakwitsa: amakanda. Buledi wa soda safuna kukanda, ndipo safuna kudikira. Soda amayamba ntchito nthawi yomwe wakhudzana ndi chambiko, ndiye uvuni ukhale utatentha kale musanayambe. Tsanulirani patebulo lowaza ufa, umbani chozungulira chokhuthala ngati zala ziwiri kapena zitatu, ndipo lembani mtanda wakuya ndi mpeni kuchokera mbali ina kufika ina. Akuluakulu a kumeneko amati mtandawo ndi wodalitsa buledi, koma ulinso ndi ntchito yake: umalola kutentha kulowa pakati pomwe pali pokhuthala. Muikeni pa madigiri 230 kwa mphindi 15, mutsitse kufika pa 200 kwa mphindi zina 30. Mukamutulutsa, mutembenuzeni n'kugogoda kunsi kwake ndi chala. Akamveka ngati wopanda kanthu mkati, wapsa. Wofuna khungu lofewa amukulunge m'kansalu koyera akadali wotentha.

M'masitolo a ku America buledi wa dzina lomweli amakhala wotsekemera, wa mazira, mphesa zouma ndi timbewu ta caraway. Ku Ireland wothira mphesa zouma ali ndi dzina lakelake, spotted dog, ndipo adali wa masiku apadera. Wa tsiku ndi tsiku ndi wa ufa wosapuntha, wabulawuni, yemwe amadyera supu, nsomba kapena batala basi. Kumpoto, cha ku Belfast, amapapatiza buledi wosaphikayo, kumudula panayi n'kumuphika pachiwaya. Amenewa ndi ma farl, ndipo kwa amene ali ndi mbaula yokha njira yosavuta ndi imeneyi.

Chitsime cha batala

Colcannon ndi kachewere wophwanya wosakaniza ndi masamba, mkaka ndi batala. Ndi chakudya chakale: mlendo wina wochokera ku Wales, William Bulkeley, adalemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku kuti adachidya ku Dublin usiku wa Halloween mu 1735. Kwenikweni ndi cha tsiku limenelo, pa 31 Okutobala, pomwe kale ankabisamo ndalama kapena mphete, koma lero chimapezekanso patebulo pa 17 Malichi ndi masiku ena onse.

Kaphikidwe kake kakuoneka kophweka, koma pali chinsinsi. Kachewere kilogalamu imodzi awire ndi makoko ake m'madzi amchere. Akapsa, khuthulani madzi onse, bwezerani mphika pamoto wochepa mutavundikira ndi kansalu kuti nthunzi ituluke, mbatatayo iume. Sendani ikadali yotentha, phwanyani mpaka pasatsale mibulu. Pambali wiritsani kapu ya mkaka pamodzi ndi anyezi wamasamba woduladula, ndipo mumphika wina fwafwazani theka la kabichi wodula mopyapyala. A ku Ireland ambiri amakonda masamba a kale. Repu angalowe m'malo mwake. Finyani madzi m'masambawo, sakanizani zonse, thirani mchere ndi tsabola wakuda.

Pogawa m'mbale, aliyense amaumbiridwa kaphiri, pamwamba pake n'kuboola kadzenje ndi supuni, m'menemo n'kuikamo nthuli ya batala. Batalayo amasungunuka n'kukhala kachitsime kachikasu. Munthu amayamba kudya kuchokera m'mphepete, supuni iliyonse akuisunsa m'chitsimemo, mpaka khoma litagumuka. Majarini pano sakwanira. Chakudyachi chili ndi zinthu zochepa kwambiri moti chilichonse chimamveka pachokha, ndipo batala ndiye mwini nkhani.

Abale ake a colcannon alipo awiri. Champ, wa kumpoto, alibe kabichi, ndi anyezi wamasamba yekha. Boxty, wa m'maboma a Leitrim, Cavan ndi Longford, ndi zitumbuwa zopyapyala za kachewere wamuwisi wopala, wofinyidwa madzi m'nsalu, wosakaniza ndi wophika, ufa ndi mkaka wosasa, zokazinga ndi batala.

Ndiye pali mphika wotchuka uja, Irish stew. Wakale weniweni ndi nyama ya nkhosa yaikulu, kachewere, anyezi ndi madzi. Nkhosa ankaisunga chifukwa cha ubweya ndi ana ake, ndiye inkaphedwa itakalamba, nyama yake ili yolimba yofuna maola awiri kapena atatu pamoto wa pansipansi. Mpaka lero ophika a kumeneko amatsutsana ngati karoti ayenera kulowamo. Chomwe chingadabwitse wophika wa kuno n'chakuti tomato salowamo, mafuta ophikira salowamo, ndipo mwa chikale nyamayo sikazingidwa. Mumayala nyama ya pakhosi kapena paphewa, anyezi, kachewere, n'kubwereza, kuthira madzi osamiza zonse, mchere, tsabola ndi thyme, n'kuvundikira. Kachewere wina mudule mopyapyala n'kumuika pansi kuti asungunuke alimbitse msuzi, wina akhale wathunthu pamwamba. Msuziwo umatuluka woyera, wokhuthala, wonunkhira nkhosa. Nyama ya mbuzi nayo imachita bwino mumphika umenewu.

Ku Dublin kuli coddle, wa masoseji, nyama ya nkhumba, anyezi ndi kachewere zowira pamodzi. Ankaphika kwambiri Lachinayi madzulo pofuna kumaliza nyama yotsala Lachisanu losala lisanafike.

Mphete m'buledi, nyama ya Khirisimasi

Zikondwerero za ku Ireland si za mu Malichi zokha. Halloween, yomwe dziko lonse likuidziwa tsopano kudzera ku America, mizu yake ili ku Samhain, mwambo wakale wa Aselote wotsekera nyengo yokolola. Chakudya chake ndi barmbrack, buledi wotsekemera wa zipatso zouma yemwe mkati mwake amabisamo tinthu tolosera za chaka chikubwera. Wopeza mphete akwatira kapena kukwatiwa chaka chisanathe. Wopeza ndalama alemera. Kansanza ndi umphawi. Kamtengo ndi banja la mikangano. Nsawawa ndi kukhala osakwatira chaka chimenecho. Ogulitsa m'masitolo lero adasiya zinazo, amangoikamo mphete, ndipo ana amalimbirana chidutswa chomwe ili.

Wosavuta kuphika pakhomo ndi wa tiyi. Mphesa zouma zimagona usiku wonse mu tiyi wakuda wamphamvu pamodzi ndi shuga wabulawuni. M'mawa zimakhala zitatupa, zitamwa pafupifupi tiyi yense. Mumaswera dzira limodzi, kuthira ufa wokhala kale ndi chofufumitsa ndi zonunkhiritsa monga sinamoni, n'kuphika ola limodzi kapena kuposerapo pamoto wapakati. Mafuta salowamo, n'chifukwa chake podya amapaka batala. Amakoma kwambiri akagona masiku awiri. Ngati mwaikamo mphete, ikulungeni m'pepala lophikira ndipo chenjezani odya, makamaka ana.

Pa Khirisimasi mzinda wa Cork umabwerera ku luso lake lakale losunga nyama. Spiced beef ndi nyama ya ng'ombe yopakidwa mchere, shuga wabulawuni, tsabola, allspice ndi cloves, yomwe imakhala sabata imodzi kapena angapo akuitembenuza mpaka kunja kwake kutada. Amaiwiritsa, ena amathirako mowa wakuda, n'kuidya yozizira, yodula mopyapyala, makamaka pa 26 Disembala, tsiku la Stefano Woyera. Mu Disembala mabutchala a mu English Market, msika wofolera womwe wakhalapo kuyambira mu 1788, amaiunjika milumilu.

Zogula, ndi zosiya

Ubale wathu ndi Ireland si wa lero. Ansembe a chipani cha Patrick Woyera cha ku Kiltegan akhala akutumikira mu dayosizi ya Mzuzu kuyambira mu 1970, ofesi ya kazembe wa Ireland idatsegulidwa ku Lilongwe mu 2007, ndipo abale athu ambiri akuphunzira ndi kugwira ntchito ku Dublin, Cork ndi Galway. Kwa iwowa, ndi kwa omwe ali ku Britain, zogula ndi zambiri, ndipo zina n'zoyeneradi ndalama yake.

Choyamba ndi batala. Ng'ombe za ku Ireland zimadya msipu panja miyezi yambiri pachaka, ndiye batala wake ndi wachikasu kwambiri komanso wofewa. Kerrygold, yemwe adayamba kugulitsidwa mu 1962, ndi amene amapezeka mosavuta. Tiyi wa Barry's, kampani ya ku Cork yoyambira mu 1901, amamwedwa wamphamvu, wa mkaka. Tchipisi ta m'paketi ta Tayto, tomwe Joe Murphy adayamba kupanga ku Dublin mu 1954, ndi tomwe a ku Ireland okhala kunja amapempha kuti awatumizire. Soseji yakuda ya magazi, oats ndi anyezi ya ku Clonakilty imadyedwa m'mawa, yokazinga. Kwa omwa mowa pali Guinness, yemwe Arthur Guinness adayamba kufulula pa St James's Gate mu 1759 atasaina lendi ya zaka 9,000. Ophika amamuthiranso mumphika wa nyama ya ng'ombe, momwe amadetsa msuzi n'kuupatsa kuwawira pang'ono. Irish coffee, khofi wa whiskey, shuga ndi kirimu woyandama pamwamba, adayambira m'zaka za m'ma 1940 pa Foynes, pomwe pankatera ndege za pamadzi, wophika Joe Sheridan akufuna kutenthetsa apaulendo ozizidwa.

Zomwe ndingasiye pa shelefu ndi zonse zothira utoto. Sizipweteka munthu, ndipo ana amazikonda, koma sizikuuzani kanthu za dzikolo. Wolemba mbiri Christine Kinealy, amene wafufuza kwambiri za njala ija, adakumbutsapo kuti m'zokamba za nthawiyo mumatchulidwa anthu omwe ankapezeka atafa milomo ili yobiriwira chifukwa chodya udzu. Munthu ukadziwa zimenezi, keke yobiriwira umaiona mwanjira ina. Anthu amene adadutsa m'zimenezo adasiyira ana awo mbale yodzaza kachewere, nyama ya mafuta ake ndi batala wosaumira, ndipo ndi mbale imeneyo yomwe ikuyenera tsikuli.

Ngati pa 17 Malichi mukufuna kuyesako, musadzichulukitsire. Gulani kachewere wouma bwino, kabichi mmodzi, anyezi wamasamba, paketi ya chambiko ndi batala weniweni ngakhale wochepa. Yambani ndi buledi, ndipo akamazizira phikani colcannon. Bulediyo mudye tsiku lomwelo, poti wa soda sachedwa kuuma. Wotsala mudzamuwambe pachiwaya m'mawa mwake, mumwere tiyi.